Mwala wakumwamba ndi wa yani?

Pa 24 September 2023, chombo cha NASA chotchedwa OSIRIS-REx chinaponya kabokosi m'chipululu cha Utah ku America. M'kabokosimo munali fumbi ndi timiyala tolemera magalamu 121.6, totapidwa pa Bennu, chimwala chomwe chimazungulira dzuwa ngati mmene limachitira dziko lathuli. M'chombomo munalibe munthu. Makina okhaokha, ulendo wa zaka 7, kukatenga fumbi losadzaza n'kapu yomwe.

Asayansi atalipima anapezamo mitundu 14 mwa 20 ya ma amino acid amene matupi athu amapangira mapuloteni. Zimenezo ine zimandisangalatsa. Chimene chimandisowetsa mtendere n'china: miyala imeneyi mwini wake ndani?

Pangano la mayiko la 1967 limati palibe dziko lingatenge mwezi kapena chinthu china chakumwamba kukhala chake. Koma mu 2015 America inakhazikitsa lamulo lakuti kampani ya kumeneko ikakumba chuma pa miyala yotereyi, chomwe yakumbacho n'chake. Luxembourg inatsatira mu 2017. Palibe amene wayamba kukumba, koma mapepala akonzeka kale.

Ife a ku Kasungu nkhani ya malo "opanda mwini" timaidziwa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, malo ambiri amene anali m'manja mwa mafumu anasanduka maesiteti a fodya. Linali tchire, inde, koma tchire lomwe anthu ankatolako nkhuni, kuzulako bowa ndi kudyetsako ziweto. Amene anali ndi pepala la lizi ndi ngongole ya kubanki anakhala eni. Enawo anakhala matenanti. Chinthu cha tonse chimasanduka cha mmodzi mosavuta, bola mmodziyo ayambe kufika ndi cholembera.

Wina anena kuti, "Nanga amene wataya ndalama zake kutumiza chombo asakolole?" Mfundo imeneyi sindingaitaye. Ngakhale kumudzi, wolima ndiye amakolola. Koma chimanga ukakolola umadzalanso chaka chamawa, pomwe mwala ukakumbidwa wapita. Wotenga chinthu chosamereranso amakhala ndi ngongole kwa amene sanafikeko, kuphatikizapo ana osabadwa.

NASA yomweyo inaonetsa kuti n'zotheka kuchita bwino. Inagawirako fumbi la Bennu asayansi a mayiko ena, ndipo gawo loposa 70 peresenti inalisunga ku Houston kuti adzalipime a m'tsogolo ndi zida zomwe lero kulibe. Mlimi wanzeru amatero: sadya mbewu. Ndikulakalaka mtima umenewo utalowanso m'malamulo a zokumba, usathere m'labotale mokha.

Mwina mukuti izi n'za azungu, fodya wako ndi amene ali pamphuno, ife tilimbane ndi mitengo ya ku Chinkhoma. Komatu kumwamba sikusankha dziko. Mu January 1981 mwala wolemera makilogalamu oposa 90 unagwa ku Machinga, kulemera kwake pafupifupi belo limodzi la fodya. Thambo lomwe likukambidwalo ndi lomweli timaliona usiku magetsi akazima.

Ku okushoni timadandaula chaka ndi chaka kuti mtengo amadula ndi ogula, ife kwathu n'kungomvera. Malamulo a kumwamba akulembedwa panopa, ndipo Malawi ali ndi mpando ku United Nations ngati wina aliyense. Tiwerenge, tifunse atsogoleri athu kuti akanenako chiyani, tisadzangopeza mtengo utadulidwa kale.