Za Mphete ya Chitomero ndi Mtengo Wake

Masiku ano anyamata ambiri a mu Mpingo, pofuna kutomera mbeta, avutika mtima ndi funso ili: Ndigule mphete ya mtengo wanji, kuti namwaliyo adziwe kuti ndimkonda? Ena atapula chimanga m'nkhokwe nachigulitsa, ena akongola ndalama za katapila. Tiyeni tsono tilingalire pamodzi ngati mtengo wa mphete ukhoza kuyesa chikondi cha munthu.

Makolo athu anali ndi chikole. Mnyamata anapatsa namwali mkanda, kapena nsalu, kapena kandalama, ndipo iye anachionetsa kwa akulu ake, kuti adziwe kuti wavomera mwamuna. Mphamvu ya chikolecho inali m'mawu amene chinaimira, ndi mwa ankhoswe amene anadzamanga mawuwo pamaso pa mabanja awiri.

Mphete ya daimondi inachokera kwina. M'chaka cha 1477 Maximilian wa ku Austria anapatsa Mary wa ku Burgundy mphete yotere, ndipo kwa zaka mazana inakhala ya mafumu ndi eni chuma. Miyalayi itapezeka yambiri ku Kimberley, ku South Africa, cha m'ma 1870, kampani ya De Beers, yoyambika mu 1888, inagwira malonda ake. Ndipo mu 1938 inalemba akatswiri oitanira malonda ku America, kuti aphunzitse anthu kuti chitomero chifunika daimondi. Pambuyo pake oitanirawo anati mnyamata ayenera kutayapo malipiro ake a miyezi iwiri. Taonani, abale, muyeso umenewu anauika ndiye wogulitsa. Kodi munthu wanzeru afunsa mwini sitolo kukula kwa chikondi chake?

M'buku la Genesis tiwerenga za zitomero ziwiri. Mtumiki wa Abrahamu anapatsa Rebeka mphete yagolidi ndi zibangili ziwiri, pakuti mbuye wake anali wolemera. Koma Yakobo anafika kwa Labani wopanda kanthu, nagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha Rakele. Yense anapereka chimene anali nacho, ndipo palibe anadzionetsa wolemera koposa m'mene analili.

Chifukwa chake tichenjere ndi misampha itatu. Woyamba ndiwo ngongole. Pakuti mkazi adzalowa m'nyumba, napeza kuti mphete ili pa chala chake adzailipira yekha ndi khasu, ndipo ana adzagona ndi njala. Wachiwiri ndiwo chinyengo, cha iye amene agula mphete yamkuwa yopakidwa golidi, nanena kuti njagolidi yeniyeni. Mphete yamkuwa siichititsa manyazi, koma bodza lichititsa manyazi. Ndipo utoto ukasuluka, mkazi adzakumbuka mwambi wa akulu wa chikomekome cha nkuyu, nayamba kukayika mawu ena onse a mwamuna wake. Wachitatu ndiwo umbombo, wa iye amene ali nazo ndalama za mowa ndi za zovala zake, koma kwa wokondedwa wake atola chotsika mtengo koposa, nachitcha kudzichepetsa.

Mnyamata iwe, werenga zimene uli nazo, upatule za mbewu ndi za denga la nyumba, ndipo pa zotsalazo ugule chokoma chimene ungathe. Umuuze namwaliyo poyera chitsulo chake ndi mtengo wake. Ndipo inu anamwali ndi amayi awo, musalemetse mnyamata ndi katundu woti sangathe kusenza. Yang'anani ngati asunga mawu ake, pakuti ndiwo mudzakhala nawo kufikira imfa. Ambuye atipatse nzeru m'zinthu izi.