Nkhope yofiira ya Simoni

Ambiri a ife taonapo Simoni akubvina pabwalo. Nkhope yace ndi yofiira psuu. Zobvala zace ndi sanza zooneka ngati suti. Ana amathawa, amai amaseka.

Tiyerekeze kuti nkhope yomweyo yapacikidwa pakhoma, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Lisboa. Mlendo waima patsogolo pace. Waona kufiira. Waona maso, mphuno ndi pakamwa. Anganene kuti ndi yokongola, kapena yonyansa. Kodi waimvetsa?

Ife tikuti iai. Ali ngati ife tsiku loyamba la sukulu. Zilembo tinkaziona bwino, koma mau sanali kutuluka.

Tiyeni tiiwerenge nkhopeyi. (Zakudambwe sitilemba m'buku. Tikunena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo.) Kufiirako ndi khungu la mzungu lopsa ndi dzuwa la kuno. Dzinalo ndi la Simoni Petro wa m'Baibulo. Amishoni ankaletsa gule wamkulu, kunena kuti ndi wacikunja. Makolo athu analibe nyuzipepala yoyankhira. Anayankha pabwalo. Munthu amene ankaopedwa anamubveka sanza, namubvinitsa pamaso pa mudzi wonse. Kuseka kwa amai kuja kunayambira pamenepo.

Komabe tisanyoze maso. Nkhope ya Simoni ikanakhala yakuda, ndani akanamuzindikira? Akanabvala suti yeniyeni yositidwa, ndani akanaseka? Mtundu ndi sanza ndizo zanyamula nkhani yonse. Kasiyamaliro akalowa m'mudzi ndi thupi lace lalikulu la nyama ya m'thengo, palibe amaseka cotero. Maso atiuza kale kuti uyu ndi wina, ndipo wadzera nchito yina.

M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Tinakondwa. Koma tsopano gule amaitanidwanso kukabvinira alendo, popanda maliro, popanda cinamwali. Alendowo amajambula, amalipira, amapita.

Ena a ife akuti palibe colakwa: ng'oma ndi zomwezo, ndipo mudzi wapezapo ndalama. Ena akuti Simoni wobvinira mzungu wolipira salinso Simoni wa makolo athu, cifukwa sitidziwanso amene akuseka mnzace.

Nanga kwanu, akulu-akulu akuti ciani?