Mlandu Suola: Maganizo a pa Church Square

Mudzi uliwonse wa kwathu uli ndi malo awiri amene sitiwasokoneza: bwalo ndi manda. Pabwalo ana amasewera, ng'oma imalira, akuluakulu amaweruza milandu. Kumanda sitilowa popanda chilolezo cha amfumu, sitidula mtengo, sitikweza mawu. Koma m'mizinda yakale muli malo ena amene ali bwalo ndiponso ali ngati manda, ndipo munthu ukafikapo sudziwa ngati uyenera kuvula chipewa kapena kugula khofi.

Amodzi mwa malo otere ndi Church Square, pakati pa mzinda wa Cape Town. Pafupi pake pali Groote Kerk, tchalitchi chakale cha mpingo wa Dutch Reformed. Poyandikana ndi tchalitchicho pali Slave Lodge, nyumba imene kampani ya Adatchi ya VOC inamanga mu 1679 kuti izisungiramo akapolo ake, ndipo anthu anakhala otsekeredwa mmenemo mpaka 1811. Mumsewu wa Spin Street, pakati pa galimoto zodutsa, pali chizindikiro chaching'ono chosonyeza pamene panali mtengo umene amati akapolo ankagulitsidwira pansi pake. Mtengowo unadulidwa mu 1916. Kwa zaka zambiri bwalolo linali poimika galimoto. Mu 2008 anaikapo miyala 11 yakuda, ntchito ya amisiri Wilma Cruise ndi Gavin Younge, ndipo pa ina mwa miyalayo analembapo mayina a akapolo.

Tsiku limene ndinapitako kunali masana, nthawi ya nkhomaliro. Ogwira ntchito m'maofesi anali atakhala pabwalopo, akudya, akuseka, ena akuyang'ana m'mafoni. Wina anali atakhazika chakudya chake pa umodzi wa miyala ija. Funso limene ndinabwera nalo kuchokera kumeneko ndi ili: kodi anthu amenewa ankalakwa?

Mtima umafulumira kuyankha kuti inde, ndipo uli ndi chifukwa chomveka. Choopsa cha ukapolo wa ku Cape chinali chakuti anthu ankauona ngati chinthu wamba. Munthu ankagulitsidwa poyera, dzuwa likuswa mtengo, pafupi ndi nyumba yopemphereramo, ena n'kumangodutsa ndi madengu awo. Anthu oposa 60,000 anabweretsedwa ku Cape ngati akapolo kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique, ndipo mzinda unkadya, unkagona, unkapita kutchalitchi Lamulungu. Ngati tchimo la makolo a mzindawo linali kuzolowera, ndiye kuti wodyera nkhomaliro pa mwala wa chikumbutso akuoneka ngati akupitiriza chizolowezi chomwecho.

Komabe sindikhulupirira kuti mankhwala ake n'kusandutsa bwalolo manda. Tikamanga mpanda, n'kuika mlonda ndi chikwangwani choletsa kukhala, tidzakhala titatsekera ndani kunja? Ambiri mwa anthu amene amagwira ntchito mumzindawu ndi zidzukulu za akapolo omwewo. Ena mpaka lero amadziwika ndi mayina monga September, Februarie kapena Januarie, mayina a miyezi amene eni akapolo ankapatsa anthu awo. Amati akapolo ankadikira pabwalo lomweli pamene mabwana awo ankapemphera mkati. Kuuza mdzukulu wa anthu amenewo kuti aimirire patali, asakhale pansi, ndi kumubwezera pamene makolo ake anaimikidwa. Kukhala pansi pamalo amenewa, mwaufulu, ndi chakudya chimene wagula ndi malipiro a thukuta lako, ndi chinthu chimene kapolo sanaloledwe kukhala nacho.

Palinso vuto lina ndi manda. Manda amatseka nkhani. Adzukulu akamaliza kukwirira, anthu amasamba m'manja n'kubwerera kumudzi, ndipo m'kupita kwa nthawi misozi imauma. Izi n'zabwino pamene munthu wafa imfa yake. Koma za ku Church Square si maliro chabe, ndi mlandu, ndipo akuluakulu anati mlandu suola. Ukapolo unathetsedwa ku Cape pa 1 Disembala 1834, koma omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana awo mpaka 1838. Boma la Britain linapereka ndalama zachipepeso, ndipo amene analandira ndi eni akapolo. Ogulitsidwawo anatuluka chimanjamanja, opanda munda, opanda khasu. Mlandu woweruzidwa chotero, kumudzi kwathu aliyense angadziwe kuti sunathe. Ndipo malo a mlandu wosatha ndi pabwalo, pamene amoyo amasonkhana.

Choncho yankho langa ndi lakuti kudya pabwalopo si kulakwa. Cholakwa ndi kusadziwa mwadala, kudutsa tsiku ndi tsiku osafuna kuwerama kuti uwerenge zolembedwa pa mwala. Pabwalo la kumudzi mwana akhoza kusewera pamene dzulo panaweruzidwa mlandu wa magazi, koma wamkulu amadziwa zimene zinayankhulidwa pamenepo, ndipo amakumbukira ngati chindapusa sichinaperekedwe. Ulemu umene akufa amenewa akufuna kwa ife ndi wakuti tidziwe amene anaima pamenepa, ndiponso kuti ngongole yawo ikadalipo.

Ngakhale mayina olembedwa pa miyala ali ndi chisoni chake. Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndipo ndimadziwa kuti chinthu chikachoka m'chinenero china kupita m'china, pali zimene zimatsala m'njira. Kapolo akalembedwa m'kaundula ndi dzina lachikhristu kenako "van Mozambique", dzina limene amake anamutcha linatsala padoko, pamodzi ndi mfunda wake ndi mudzi wake. Mu Disembala 1794 sitima yapamadzi ya Apwitikizi yotchedwa São José, itanyamula anthu pafupifupi 500 kuchokera ku Mozambique kupita nawo ku Brazil, inasweka pafupi ndi gombe la Clifton. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa ku Cape. Mayina awo enieni sanalembedwe. Tikawerenga dzina la pa mwala tiyenera kukumbukira kuti likuimira dzina lina limene linafufutidwa.

Ndipo ife ochokera kumpoto kwa Zambezi tisafike pabwaloli ngati oweruza oyera m'manja. Njira za malonda a akapolo zinkadutsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi kupita kumadoko a Kilwa, Quelimane ndi Mozambique. Ku Nkhotakota mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe ukadalipo, ndipo m'dera lomwelo anthu ankawolotsedwa nyanja atamangidwa. Ogulitsa ena anali mafumu a m'dziko momwemo. Pakati pa ife pali zidzukulu za ogwidwa, za ogwira, ndi za amene anaona n'kukhala chete. Mlandu wa ku Cape ndi umodzi ndi wa ku Nkhotakota, ndipo kwathu nakonso sitinaukhalire pansi mokwanira.