Kodi Mwana Wokhala Kunja Ayenera Kuitana Makolo ndi Abale Ake?

Kale, pamene amuna a dziko lino ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, funso la otsala m'mudzi lidali limodzi: kodi adzabwerako? Amene adakhalitsa osatumiza kalata, ngakhale bulangete la nkhalamba, ankatchedwa machona, ndipo dzina limeneli lidali lamanyazi. Masiku ano funso latembenuka. Mwana wapita ku America, wagwira ntchito zaka zambiri, walandira unzika wa kumeneko, ndipo a kumudzi safunsanso za kubwera kwake. Afunsa kuti: kodi adzatitenga liti? Funso limeneli lagawanitsa mabanja ambiri, ndipo Akhristu ena alisenza mumtima ngati katundu wosatulika. Nkoyenera tsono kulipenda bwino, poyamba pa zimene malamulo a maiko anena, kenaka pa zimene Mulungu afuna.

ZIMENE MALAMULO ANENA

Lamulo la unzika la Malawi la chaka cha 1966 silidalole munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Nyumba ya Malamulo idalisintha mu Disembala 2018, ndipo dziko la Zambia lidali litachita kale zomwezo mu 2016. Motero mwana wa kuno angathe kulandira unzika wa America osataya wa kwao.

Ku America, lamulo limene President Lyndon Johnson adasaina pa 3 Okutobala 1965 lidaika ubale patsogolo posankha anthu olowa kukakhazikika. Mwa lamulo limeneli, nzika ya zaka 21 kapena kuposapo ingathe kupemphera atate ake, amai ake ndi abale ake obadwa nawo chitupa chokhalira m'dzikomo, chimene amachitcha green card. Munthu amene ali ndi chitupacho chokha, koma sadakhale nzika, alibe mphamvu imeneyi pa makolo ndi abale. Makolo alibe malire a chiwerengero pa chaka. Abale ali nawo: malo awo ndi 65,000 pa chaka kwa dziko lonse lapansi. Chifukwa chake mzere wawo ngwautali. Mu 2025 anthu a maiko ambiri ankalandira malo atadikira zaka zoposa 15, ndipo a ku Mexico zoposa 20.

Woitanayo asaina chikalata cholonjeza kuti adzasamala wobwerayo, ndipo ayenera kuonetsa kuti ndalama zake zipitirira mlingo wa umphawi wa boma ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuyambira pa lamulo la 1996 lonjezo limeneli likhoza kufikitsa munthu ku khoti. Silitha chifukwa anthu ayambana. Litha wobwerayo akakhala nzika, akagwira ntchito yowerengedwa ndi boma pafupifupi zaka 10, akachoka m'dzikomo ndi kusiya chitupa chake, kapena akamwalira.

Maiko ena ngouma kuposa apa. Ku Canada woitana makolo alonjeza kuwasamala zaka 20, kupatula ku Quebec kumene zili 10. Ku Britain, kuyambira mu 2012, kholo liloledwa pokhapokha litaonetsa kuti lisowa womusamala tsiku ndi tsiku ndipo kwao chisamaliro chotere sichingapezeke. Ndipo khomo lotseguka lero likhoza kutsekedwa mawa. Mu Ogasiti 2025 boma la America lidayamba kufunsa a ku Malawi ndi a ku Zambia ofuna kukacheza chikole cha ndalama chofika madola 15,000. Mu Disembala chaka chomwecho lidalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 liimitsa zitupa za olowa kukakhazikika ochokera ku maiko angapo, Malawi ndi Zambia ali m'gulumo. Mkhristu amene amanga chiyembekezo chonse cha banja pa chitupa cha boma lachilendo amanga pa nthaka yosuntha.

ZIMENE LAMULO LACHINAYI LIFUNA

Lamulo lachinayi la Mulungu lilamula kulemekeza atate ndi amai, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti mwana akakula ulemu umenewu usanduka ntchito: kudyetsa makolo, kuwaveka, kuwasamala pa matenda ndi pa ukalamba, ndi kusawasiya okha m'chisoni. Ambuye Yezu adadzudzula Afarisi chifukwa chakuti ankalola munthu kumana makolo ake thandizo pongonena kuti chumacho chaperekedwa kwa Mulungu. Ali pa mtanda, Iwo omwe adapereka Amai awo m'manja mwa Yohane. Ngati mphatso ya ku Kachisi siyidamasule mwana ku udindo wake, nyanja ya mchere siyingammasule. A kale adanena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Koma lamulo limeneli silitchula malo. Lifuna kuti kholo lisamalidwe. Silinena kuti lisamalidwe ku Chicago kapena ku Dedza. Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Ena aganiza kuti mwana amene sadaitane amai ake wachimwa, ngakhale amawamangira nyumba, amawalipirira chipatala ndipo amawayendera. Ena aganiza kuti amene wawaitana wamaliza zonse, ngakhale amaiwo akhala m'chipinda chotseka kuyambira m'mawa mpaka usiku. Onse awiri alakwa, pakuti ayesa chikondi ndi ulendo wa ndege.

Eklezia sadana ndi kusamuka. Mu 1952 Papa Pius XII, m'chikalata chotchedwa Exsul Familia, adaika Banja Loyera lothawira ku Ejipito ngati chitsanzo ndi mtetezi wa onse osamuka. Mu 1963 Papa John XXIII, mu Pacem in Terris, adaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wosamukira ku dziko lina pakakhala zifukwa zolungama. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalangiza kuti antchito ochokera kunja athandizidwe kukhala pamodzi ndi mabanja awo. Komanso Katekisimu avomereza kuti boma lili ndi mphamvu yoika malamulo pa olowa, ndipo wolowayo ayenera kumvera malamulowo. Choncho kuitana makolo nkololedwa, ndipo nthawi zina ndi udindo weniweni: monga pamene kholo latsala lokha, likudwala, ndipo kumudzi kulibe womuyang'anira. Pamenepo mwana amene ali ndi njira koma akana chifukwa choopa kuchepetsa chuma chake, kapena chifukwa chochita manyazi ndi mai wosadziwa Chingerezi, aphwanya lamulo lachinayi poyera.

CHITSANZO CHA YOSEFE

M'Malembo Oyera muli munthu amene adachita ntchito imeneyi ndendende. Yosefe, mwana wa Yakobo, adali Mhebri ndipo adali nduna ya Farao. Adali wa maiko awiri. Adaitana atate ake ndi abale ake onse, nawatumizira ngolo, nawakhazika m'dziko la Goseni. Pa nkhani yake pali zinthu zitatu zofunika kuzisunga.

Choyamba, adawaitana chifukwa cha kusowa kwawo. Njala idali itatsala ndi zaka zisanu, ndipo ku Kanani akadafa. Mwana wa lero adzifunse ngati aitana amai ake chifukwa iwo asowa iye, kapena chifukwa iye asowa mlezi wa ana wosalipidwa. Agogo kulera adzukulu ndi mwambo wabwino, koma kumudzi agogo alera ali pakati pa anzawo, ali ndi munda wawo, limana lawo ndi mpando wawo m'tchalitchi. M'nyumba ya kunja, m'nyengo ya chisanu, wopanda woyankhula naye Chichewa, wosamva ulaliki, wosatha kuulula machimo ake kwa wansembe m'chinenero chake, gogo yemweyo asanduka wantchito m'nyumba ya mwana wake. Ndiponso zambiri mwa zithandizo za boma la America za anthu osauka siziperekedwa kwa wobwera kumene mpaka patapita zaka 5, ndipo mtengo wa chipatala kumeneko ngwaukulu. Walira mvula walira matope.

Chachiwiri, Yakobo adapita mwa kufuna kwake, atapereka nsembe ku Beereseba. Adakhala ku Ejipito zaka 17, koma adalumbiritsa Yosefe kuti asamuike m'manda kumeneko, ndipo Yosefe adanyamula mtembo mpaka ku phanga la Makipela. Kholo si katundu woti ana agwirizane pa lamya kumene akamuike. Lifunsidwe, limve zoona zake zonse, ndipo likakana, kukana kwake kulemekezedwe. Lidziwenso kuti chitupa chokhalira ku America chikhoza kutayika munthu akakhala kunja kwa dzikolo nthawi yaitali, makamaka yopitirira chaka. Tsono amene avomera avomera kusiya kwao, osati kukacheza. Ndipo ngati lifuna kudzagona pafupi ndi makolo ake, mwana ayambe kusunga ndalama za ulendo womalizawo.

Chachitatu, abale a Yosefe adauza Farao ntchito yawo yeniyeni, kuti adali abusa a zoweta, ngakhale Aejipito ankanyansidwa ndi abusa. Adalowa mwa choona.

CHIYESO CHA BODZA

Pano pali vuto limene likhudza anthu a kuno kwambiri. Pa Chichewa, mng'ono wa amai ndi mai, mkulu wa atate ndi tate, ndipo ana awo ndi abale. Ambiri adaleredwa ndi azakhali kapena agogo makolo awo atamwalira. Lamulo la America siliwerenga choncho. Liwerenga kholo lobala, kholo lopeza limene lidalowa m'banja mwanayo asadakwane zaka 18, ndi kholo limene lidatenga mwana mwa lamulo la khoti asadakwane zaka 16. Mai amene adagulitsa mbuzi zake kuti mwana wa mchemwali wake aphunzire sapezeka pa mndandanda umenewo. Ndiponso pempho la kholo silinyamula ana ake aang'ono. Mai akapita, chitsiriziro chake chitsala, ndipo chiyenera kukhala ndi pempho lakelake.

Nkosavuta tsono kunena kuti: lamulo lawo silidziwa mwambo wathu, tilembe kuti ndi mai wondibala. Koma lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa umboni wonama, ndipo chikalatacho chisainidwa molumbira. Cholinga chabwino sichiyeretsa njira yoipa. Ngakhale nzeru za pansi pano zitsutsa bodzali, pakuti akuluakulu a boma akakayika angathe kupempha kuti ubalewo utsimikizidwe poyeza DNA, ndipo wogwidwa ndi chinyengo akhoza kuletsedwa kulowa moyo wake wonse. Ngongole ya kwa mai wolera njeniyeni, ndipo pamaso pa Mulungu siichepa chifukwa boma lachilendo silinaiwerenge. Ilipidwe kumene iye ali: ndi denga losadontha, ndi mankhwala, ndi kumuyendera.

ZA ABALE

Chibale ndi fupa, sichiola. Komabe udindo wa kwa abale sulingana ndi wa kwa makolo kapena wa kwa mkazi ndi ana. Munthu wokwatira asadasaine lonjezo losamala mbale wake, ayenera kumvana ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, pakuti chuma chimene alonjeza nchawo onse awiri, ndipo sakramenti la ukwati lili patsogolo pa ubale wa magazi. Ayeneranso kuchita chilungamo pakati pa abalewo. Kusankha mmodzi mobisa, ena nadzamva pa tsiku la ulendo, kudzala chidani chimene chidzaphuka pa maliro a makolo.

Choipa china chigwera wodikirayo. Mnyamata wa zaka 25 akamva kuti mkulu wake wamulembetsa, nthawi zina aleka kulima, aleka kuphunzira ntchito, azengereza kumanga nyumba, nayamba kukhala ngati mlendo m'mudzi mwake. Zaka 15 zikadzatha adzakhala wa zaka 40, wopanda kanthu kuno ndi wosadziwa kanthu uko. Mkulu wachikondi amuuze zoona za kutalika kwa mzere, ndipo amthandize lero ndi sukulu kapena mpamba wa malonda. Ndalama imene ingasamutse mbale mmodzi nthawi zambiri ingathe kuimika anayi pa miyendo yawo kwao.

Pomaliza, wina atsale. Ana onse akachoka, ndani adzatengera nkhalamba ku chipatala, ndani adzasunga munda? Mbale amene watsala asenza gawo lolemera la lamulo lachinayi m'malo mwa onse. Ayenera kuthokozedwa ndi kuthandizidwa, osati kuyesedwa wotsalira kapena kufunsidwa ngati wakuba pa tambala iliyonse yotumizidwa.

KWA AKATEKISI NDI AKULU A MPINGO

Mabanja otere akabwera kudzafunsa nzeru, mlangizi asathamangire kunena kuti pitani kapena khalani. Afunse ngati kholo lenilenilo lafunsidwa palokha, ana palibe. Afunse ngati woitanayo angathe kusunga lonjezo lake ngakhale ntchito itamthera. Afunse ngati zonse zolembedwa m'zikalata nzoona, ndi ngati otsala akudziwa ndi kuvomera. Kwa makolo amene akakamiza mwana ndi matemberero chifukwa mwana wa mnansi adatenga amai ake, mlangizi akumbutse kuti nsanje ndi tchimo ngakhale mwa nkhalamba, ndi kuti masiku ano mwana angathe kufunitsitsa koma boma nkukana. Kwa mwana amene abisala kumbuyo kwa malamulo ovutawo kuti asatumize kanthu, amuuze kuti palibe boma limene lidaletsapo kalata, lamya kapena thumba la feteleza. Iyeyo ndiye mtchona wa masiku ano, ngakhale ali ndi zitupa za maiko awiri.