Khutuba ya Ijumaa: Kuzimitsa Moto Usanagwire Denga

KHUTUBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene limodzi mwa mayina Ake abwino ndi As-Salaam, Mwini mtendere. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

E inu akapolo a Allah! Tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizani inunso, kumuopa Allah mseri ndi poyera.

Mu Surat Al-Hujurat, ndime ya 9 ndi 10, Allah akutilamula kuyanjanitsa magulu awiri a okhulupirira akamenyana, ndi kuti chiyanjanitsocho chikhale chachilungamo. Koma taonani kuti m'Sura yomweyo, lamuloli lisanafike, pa ndime ya 6 pali lamulo lina: kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, kuopa kuti tingapweteke anthu mosadziwa. Ndime zotsatira zikuletsa kunyozana, kuitanana mayina achipongwe, kuganizirana zoipa ndi miseche. Apa Qur'an yolemekezeka ikutiphunzitsa kuti nkhondo imayamba pakamwa ndi mumtima isanafike pa mfuti, ndipo kumeneko ndiko ifunika kuitsekereza.

Kumbukirani zimene zidachitika ku Makka pamene Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, adali ndi zaka 35, asanalandire uneneri. Akuraishi atamanganso Kaaba, adakangana za amene aike Mwala Wakuda pamalo pake, mpaka ena adaviika manja m'mbale ya magazi kulumbira kuti amenyana. Mkulu wina adati woyamba kulowa ndiye aweruze, ndipo adalowa Muhammad. Iye adayala nsalu, naika mwalawo pakati, nauza mtsogoleri wa fuko lililonse kuti agwire mbali yake. Palibe adabwerera kwawo wamanyazi, ndipo palibe magazi adakhetsedwa. Adamumvera chifukwa adali atamudziwa kale ndi dzina lakuti Al-Amin, wokhulupirika. Mkhalapakati sapangidwa tsiku la mkangano. Amakonzedwa zaka zambiri mkanganowo usanabuke.

Abale ndi alongo, ife a ku Mozambiki tikudziwa mtengo wa kuchedwa. Nkhondo ya pachiweniweni idatidya mpaka 1992. Midzi ya ku Tete, Niassa ndi Zambézia idasanduka mabwinja, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ena mwa inu mudabadwira m'misasa ya othawa kwawo. Zokambirana zidayamba ku Roma mu 1990, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio, boma la Italy ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Padatenga zaka zoposa ziwiri kuti pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama asaine pangano. Tikuthokoza Allah chifukwa cha amkhalapakati aja, ngakhale sadali a chipembedzo chathu, pakuti chabwino n'chabwino posatengera dzanja limene chadzera. Koma tidzifunse: n'chifukwa chiyani tidafunikira kuoloka nyanja kukafuna mphasa yokhalapo ana a dziko limodzi? Ndiponso mfuti zidaliranso mu 2013, mpaka pangano lina lidasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019. Chilonda chongophimba chimatukusira mkati.

Bala la Cabo Delgado likadali laliwisi. Pa 5 Okutobala 2017 zigawenga zidaukira Mocímboa da Praia, zikudzitchula ndi dzina la chipembedzo chathu pamene zikupha Asilamu ndi Akhristu omwe. Zisanafike apo, masheikh a kumeneko adali atachenjeza kale za anyamata amene adayamba kunyoza makolo ndi mizikiti, naletsa ana kupita kusukulu. Chenjezo lidaperekedwa, koma njira yoti lisanduke chochita m'nthawi yake idali yofooka. Mu 2021 kudabwera asilikali a ku Rwanda ndi a maiko a SADC, ndipo a SADC adachoka mu 2024. Msilikali angathe kulanditsa tauni, koma sangathe kuchotsa chidani mumtima wa mnyamata amene akuona chuma cha kwawo chikudutsa iye ali chimanjamanja. Madzi akatayika saoleka.

Tikupempha chikhululuko kwa Allah, kwa ife ndi kwa inu. Mupempheni, pakuti Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

E inu okhulupirira! Zida zoyanjanitsira maiko athu zilipo. Bungwe la African Union lili ndi khonsolo yoona za mtendere ndi chitetezo, komanso gulu la akuluakulu anzeru limene lidakhazikitsidwa mu 2007 kuti lizifika pamalo moto usanayake. SADC nayo ili ndi nthambi ya ndale, chitetezo ndi bata, komanso ofesi yochenjezeratu za ngozi ku Gaborone. Chimene tikupempha kwa atsogoleri athu n'chakuti zida zimenezi zisakhale khasu lopachika padenga. Maiko azilipirira ntchitoyi ndi chuma chawo, chifukwa wodalira thumba la mlendo amayenda pa nthawi ya mlendoyo. Aphunzitse amkhalapakati odziwa zilankhulo ndi miyambo ya anthu, ndipo pakati pawo pakhale mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndi amayi, amene amasenza katundu wolemera wa nkhondo. Boma lisaone ngati chipongwe mnansi akabwera kudzafunsa za utsi umene wauona, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo chiyanjanitso chikhale chachilungamo monga Allah walamulira. Pangano longogawa mipando, lotaya madandaulo a anthu wamba, silikhalitsa.

Koma tisaloze akuluakulu okha. Ofesi ya ku Gaborone singamve kanthu ngati mudzi uli chete. Mzikiti uliwonse ukhale ndi akulu odalirika oyanjanitsa anthu pa milandu ya malire a minda, chuma cha masiye ndi mabanja. Mwana wathu akayamba kutchula Asilamu anzake kuti makafiri, tikhale naye pansi msanga, timuphunzitse, tisamupirikitse kuti akagwe m'manja mwa afisi. Uthenga wa pa WhatsApp wonyoza fuko, chipani kapena chipembedzo china uthere pa foni yathu. Tiziyenderana ndi Akhristu oyandikana nawo, ndi abale athu a tsidya la malire, masiku abata, kuti tsiku la mavuto tisadzayambe kufunsana mayina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhondo simanga mudzi.

E Allah! Yanjanitsani mitima yathu ndi kukonza zimene zili pakati pathu. E Allah! Khululukirani amene adatisiya, tonthozani amasiye, ndipo bwezerani kwawo mwamtendere onse amene adathawa nkhondo. E Allah! Apatseni atsogoleri athu makutu omva chenjezo ndi mitima yokonda chilungamo. Tetezani Mozambiki ndi maiko oyandikana nafe ku fitina zoonekera ndi zobisika. Ameen.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.