Khutu la Malko

Kuwerenga: Luka 22:47-53, Yohane 18:10-11

Usiku umene Yesu anagwidwa, Petro anasolola lupanga nadula khutu la Malko, kapolo wa mkulu wa ansembe. Malkoyu anali m'gulu lodzagwira munthu wosalakwa, komabe Ambuye anamukhudza namuchiritsa. Sanavomereze zimene gululo linkachita, analidzudzula poyera. Koma bala la mdani wake sanalilambalale.

Dziko lathu lawaona mabala otere. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011, pa zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, anthu 20 anataya miyoyo, ambiri poomberedwa ndi apolisi. Mu Okotobala 2019, wapolisi anagendedwa mpaka kufa ku Msundwe. Zitatero, apolisi ena anagwirira amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipepeso.

Pa nthawi ngati izi mtima umafulumira kusankha woti umulire. Wina amati wapolisiyo zinamuyenera. Winanso amati ochita zionetsero anaziputa dala. Mawu onse awiriwa ndi lupanga la Petro.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti munthu akafika akuchucha magazi, sitiyamba ndi kufunsa mbali imene ali. Timayamba taletsa magaziwo. Amene wavala yunifomu ndi amene wanyamula chikwangwani, onse anaberekedwa kumbuyo ndi mayi. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma chifundo si kubisa tchimo. Bala lomangidwa lisanatsukidwe limatukusira mafinya. Mneneri Mika (6:8) anaika chilungamo ndi chifundo pamodzi, choncho wogwirira ndi wakupha ayenera kuyankha mlandu, kaya akhale ndani.

Nanga ife tichitenji? Tiperekeze msanga kuchipatala mayi wogwiriridwa, pasanathe maola 72, kuti akalandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo tisamunene m'midzi. Tikhale pa maliro a mbali zonse. Tilangize ana athu, oguba ndi apolisi omwe, kuti mwala ndi mfuti sizibweza moyo.

Tipemphere: Ambuye Yesu, amene munachiritsa wodzakugwirani, tipatseni pakamwa ponena zoona ndi manja omanga mabala. Amen.