Agide anakula liti?

Mdzukulu wanga wamkazi ndiye anandiuza kuti Agide atchuka. Kunali kumayambiriro kwa 2022, mvula ili mkati, ine ndili pakhonde ndikusoka nsapato yanga ya kutchalitchi imene inali itayasamula. Anatulukira akuthamanga, foni ili m'manja.

"Agogo, mukuwadziwa agogo anzanuwa? Atchukatu koopsa."

Ndinavala magalasi. Pafonipo panali atsikana awiri a kudziko lakutali, akuvina m'chipinda chogona, milomo ikutsatira mawu amene mwachionekere sankawamva. Koma mawu a woimbayo ndinawazindikira pompo.

"Mwanawe, amenewa ndi a Giddes Chalamanda. Ine ndinayamba kuwamva pa wailesi ya MBC amayi ako asanabadwe."

Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Kwa iye, Agide anali atabadwa sabata yomweyo, ndipo mzamba wake anali TikTok.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa. A Chalamanda ndi a ku Chiradzulu, ndipo akhala akuimba kuyambira ali mnyamata. Mu 2020 woimba Patience Namadingo, pa nthawi imene ankajambulanso nyimbo zakale pamodzi ndi eni ake, anakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zingapo mondondoza. Kachidutswa ka nyimbo imodzi, Linny Hoo, kanadumpha mpanda n'kulowa pa TikTok. Pofika Januwale 2022 atolankhani a kunja ankalemba kuti kaonedwa koposa ka 80 miliyoni, ndipo achinyamata kuchokera ku South Africa mpaka ku Philippines ankakavina. Atolankhani omwewo anapeza mwini nyimbo, wa zaka 92, ali kumudzi kwawo, alibe foni yoonerapo TikTok, ndipo ndalama za kutchukako zinali zisanawafike. Za mbiri yawo ankachita kuuzidwa ndi ana obwera kudzawaonetsa pa mafoni, monga mmene mdzukulu wanga anandionetsera ine.

Anthu ambiri nkhaniyi inawapweteka pa ndalama, ndipo sanalakwe, wantchito ayenera kudya thukuta lake. Koma ine, mwina chifukwa cha zaka zimene ndakhala mkulu wa mpingo, inandisiyira funso lina limene landitsata mpaka lero. Kodi nyimbo ija inayamba kukoma liti? Agide anakhala munthu wamkulu tsiku limene chiwerengero chinakwana 80 miliyoni, kapena anali wamkulu kale pamene ankaimba anthu khumi akumvera, ena akucheza zawo? Ngati anali wamkulu kale, ndiye kuti mamiliyoni aja sanawonjezere kanthu pa umunthu wawo. Ngati anakula tsiku limenelo, ndiye kuti ife tonse amene sitinaonedwepo ndi dziko tidakali ana, ndipo ambiri tidzaikidwa m'manda tisanakule.

Musaliyese funso la anthu okhuta. Ndaliona likulasa mwana m'nyumba mwanga momwe. Patapita miyezi, mdzukulu yemwe uja anadzijambula akuimba nyimbo ya kwaya. Anajambula kasanu ndi kawiri, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, akumakalipira nkhuku kuti zikumusokoneza. Anaika pa intaneti madzulo. Mmawa mwake ndinamupeza atakhala pa mtondo wogwadika, maso ali gwa pafoni, phala likuzizira. Anthu khumi ndi mmodzi okha ndiwo anasonyeza kuti aikonda. Pofika masana anali ataichotsa. Nditamufunsa anangoti, "Sinali bwino, agogo." Ine ndinali nditaimva kasanu ndi kawiri konse kudzera pazenera, ndipo inali bwino. Chimene chinasintha usiku umenewo si mawu ake. Iye anapereka mlandu wa mphatso yake kwa oweruza amene sanawaonepo, n'kuvomera chigamulo popanda kuchita apilo.

Chichewa chathu chinasiyanitsa kale kutchuka ndi kudziwika. Kutchuka n'kwa dzina: limatchulidwatchulidwa, limayenda lokha, mwini wake ali mtulo. Mfiti imatchuka, wakuba amatchuka, mankhwala a chifuwa amatchuka. Kudziwika n'kwa munthu. Amene amakudziwa amadziwa njira ya kwanu, amadziwa kuti mwendo wako wamanzere umavuta kukazizira, amadziwa maliro amene unalira chaka chatha. Kale ziwirizi zinkayendera limodzi, chifukwa mbiri inkayenda wapansi, ndipo wonyamula dzina lako ankakhala woti anakuonapo. Wailesi inazilekanitsa pang'ono, kanema inawonjezera, intaneti yadula chingwe chonse. Lero dzina likhoza kufika ku Manila mwini wake akusowa ya minibasi yopitira ku Limbe.

Ife akuluakulu tisanamizire ana, chifukwa matendawa tinayamba ndife. Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, ndipo mu 2003 tonse tinali pa mipando kuonera Big Brother Africa yoyamba, momwe munali Zein Dudha woimira Malawi, ndipo anapambana Cherise Makubale wa ku Zambia. Aphungu a Nyumba ya Malamulo analamula kuti pulogalamuyi ichotsedwe pa kanema wa boma ponena kuti ikuononga chikhalidwe, khoti lalikulu linakana, ndipo inabwerera. Tinakangana kwambiri za kusamba ndi kupsompsonana, koma phunziro lenileni la nyumba ija linatidutsa osaliona. Linali lakuti munthu akhoza kutchuka popanda kuimba, kulima kapena kuchiritsa, kungokhala pamene pali kamera basi. Ana athu anamva phunzirolo, ndipo adzukulu athu nyumba ija akuyenda nayo m'thumba.

Ndikabwera ku Malemba ndimapeza kuti nkhaniyi si yophweka monga mmene timailalikirira. Pa Mateyu 6 Ambuye Yesu akuchenjeza za kupemphera, kusala kudya ndi kupereka zachifundo pofuna kuonedwa, ndipo akuloza kwa Atate amene amaona zobisika. Alaliki timaukonda mutu umenewu tikafuna kudzudzula achinyamata ojambula chilichonse. Koma pa Mateyu 5, mu ulaliki womwewo, pa phiri lomwelo, akunenanso kuti nyale sayatsira kuti aivundikire. Ndiye titani, tibise kapena tionetse? Ndakhala nayo mitu iwiriyi kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti sikutsutsana. Nyale imayatsidwa kuti a m'nyumba aone mbale ndi khomo, osati kuti aziombera m'manja nyaleyo. Funso la Yesu si lakuti akuona ndi angati. Akufunsa kuti wachitira yani.

Apa ndiye pamene nkhani ya Agide imandiphunzitsa. Nyimbo imene inazungulira dziko ija anaipekera mwana wawo wamkazi, zaka zambiri TikTok isanaganiziridwe. Inali ya munthu mmodzi. Tsiku limene mwanayo anamva bambo ake akumutchula dzina m'nyimbo, ntchito ya nyimboyo inali itatha, yathunthu, yosaperewera. Mamiliyoni anabwera pambuyo anali ngati alendo odutsa amene apeza phwando la eni ake n'kuvina nawo. N'zabwino kuti anavina. Koma phwandolo silinayambe chifukwa cha iwo, ndipo atachoka kukavina nyimbo ina, monga amachitira a pa TikTok sabata iliyonse, silinathe. Ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake nyimboyo inagwira mitima ya anthu osamva chinenero chake: anamva mawu a munthu amene sakuwapempha kanthu.

Sindikunyoza foni ayi. Ndikanakhala wabodza. Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo uja, anamwalira mu 1995 dziko lisanamubwezere zolingana ndi zimene anatipatsa, ndipo ndimalakalaka akanakhala ndi mwayi umene anaupeza Agide. Kuonedwa kumatsegula zitseko. Chimene ndikukana n'kuyesa kuonedwako chikondi. Kuona sikulipiritsa kanthu, chala chimangotsetsereka, bando ikatha nkhani yatha. Kudziwa munthu kumadya nthawi, nsapato ndi ndalama. Oimba Edgar ndi Davis anayenda ndi a Chalamanda zaka zambiri dziko lisanawatembenukire, ndipo mu 2016 gogoyu anakafika ku America, kumene ankakulakalaka m'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier. Namadingo anachita kukhala nawo pafupi, phewa ndi phewa, n'kuphunzira nyimbo zawo. Anthu oterewa ndi owerengeka pa zala, koma pa sikelo ya umunthu akulemera kuposa 80 miliyoni aja.

Makolo anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ena amatenga mwambiwu ngati umboni wakuti munthu amakula ndi kuchuluka kwa omutsatira. Koma awiri a m'mwambiwu ndi oyenda njira imodzi, woti wina akaponda minga mnzake amuzula. Munthu akhoza kuonedwa ndi dziko lonse n'kukhalabe kanyama kali kokha. Woimba Lucius Banda atamwalira mu Juni 2024, Facebook yonse inadzaza zithunzi zake, ndipo ambiri analira moona, ine ndemwe. Komabe pa maliro alionse, a wotchuka kapena a mlimi wosadziwika kutsidya kwa mtsinje, pamafunika anthu ogona pa siwa, amayi otunga madzi ndi adzukulu ogwira khasu. Manda sakumbidwa pa foni. Tsiku limenelo m'pamene zimaoneka kuti mwa onse amene ankakuona, okudziwa anali angati.

Pamwamba pa onsewa chikhulupiriro changa chimaika Mmodzi amene anamva Agide akuimba ali mnyamata ku Chiradzulu, popanda wojambula, ndipo anamvanso mdzukulu wanga kuseri kwa nyumba kasanu ndi kawiri konse. Ngati Iye alipo, palibe nyimbo imene inaimbidwapo popanda womvera, ndipo palibe munthu amene akudikira chiwerengero kuti akhale munthu. Amene sakhulupirira monga ine akhoza kufika pafupi ndi pomwepa podzera njira ya umunthu: mtengo wa munthu uli mwa iye ndi mwa amene amamusunga, suli m'manja mwa odutsa. Choncho yankho langa n'lakuti Agide anali wamkulu kale. Amene tinachedwa ndife.

Madzulo a tsiku lija ndinamuitana mdzukulu wanga pakhonde n'kumuuza kuti andiimbire nyimbo imene anachotsa ija. Anakana kawiri, kenaka anaimba, maso ali pansi. Agogo ake aakazi anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja n'kulowetsa mawu apansi. Sindinganene kuti anachira tsiku lomwelo, pakuti foni akadali nayo ndipo amawerengabe. Koma kwaya sanasiye.

Inu amene mukuwerenga, m'mudzi mwanu, mu mpingo mwanu kapena pa msika wanu muli Agide wina amene akuimba, kusema kapena kuumba popanda womujambula. Musadikire kuti ana a ku Philippines adzakuuzeni kuti ndi waluso. Pitani mukakhale naye pansi, mumufunse dzina la amene anamuphunzitsa, ndipo pochoka musiyireni ya sopo akadali moyo.